George Stevens: Wojambula Amene Anasanduka Mboni

George Stevens anabadwa pa 18 Disembala 1904 ku Oakland, m'dziko la America. Anayamba ntchito ngati wogwira kamera pojambula Laurel ndi Hardy, anthabwala otchuka aja, ndipo pambuyo pake anatchuka ndi makanema oseketsa ndi a magule.

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ili mkati, mu 1943, analowa usilikali n'kupatsidwa gulu lojambula zochitika kunkhondo. Asilikali a America atamasula msasa wa Dachau ku Germany pa 29 Epulo 1945, gululi linafika komweko patangopita masiku ochepa. Linapeza mitembo itaunjikana m'mabogi a sitima, ndi akaidi otsala mafupa okhaokha. Mumsasawu chipani cha Nazi chinatsekeramo Ayuda, otsutsa boma, komanso ansembe ndi abusa oposa 2,700. Titus Brandsma Woyera anafera momwemo mu 1942.

Zinali zovuta kuziyang'ana, koma Stevens anajambula. Zithunzi za ku Dachau ndi za misasa ina anazisonkhanitsa mu kanema wotchedwa Nazi Concentration Camps, ndipo analumbira polemba kuti sizinasinthidwe. Pa 29 Novembala 1945 kanemayu anaonetsedwa m'khoti la ku Nuremberg, akuluakulu a Nazi oimbidwa milandu ali pomwepo. Kuyambira tsikulo zinali zovuta kuti wina anene kuti nkhanzazo ndi mphekesera chabe.

Atabwerera kwawo sanajambulenso kanema woseketsa. Mu 1959 anatulutsa The Diary of Anne Frank, nkhani ya mtsikana wachiyuda amene anafera kumsasa wa Bergen-Belsen, ndipo mu 1965 The Greatest Story Ever Told, wonena za moyo wa Ambuye Yesu. Zithunzi zina zimene anajambula ndi kamera yakeyake anazisunga osazionetsa poyera. Mwana wake ndiye anadzazitulutsa bambo ake atamwalira pa 8 Malichi 1975.

Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anaphedwa, komabe mpaka lero alipo ena amene amakana kuti zinachitika. Opulumuka m'misasa ija atsala ochepa, ndipo posachedwa zithunzi zotere ndizo zidzawalankhulire. Lamulo lachisanu ndi chitatu limatiletsa umboni wonama. Stevens akutikumbutsa, abale ndi alongo, kuti amene waona choipa ali ndi udindo wochitira umboni woona. Pa Misa ya lero tikumbukire onse ophedwa chifukwa cha mtundu wawo.