Al-Idrisi: Msilamu amene anajambula dziko pa mbale ya siliva

Muhammad al-Idrisi, Allah amuchitire chifundo, anabadwa cha m'ma 1100 mumzinda wa Ceuta, kumpoto kwa Africa. Banja lake linali la mbumba ya Mtumiki Muhammad (SAW) kudzera mwa Hasan. Anaphunzira ku Cordoba, ndipo adakali mnyamata anayenda madera ambiri a kumpoto kwa Africa ndi ku Ulaya.

Cha m'ma 1138, mfumu ya ku Sicily, Roger II, yomwe inali Mkhristu, inamuitanira ku Palermo kuti alembe za maiko onse odziwika pa nthawiyo. Ntchitoyi inamutengera zaka pafupifupi 15. Ankafunsa amalinyero ndi amalonda za mtunda, mitsinje, madoko ndi mbewu za kumene achokera. Zimene anthu angapo agwirizana ankazilemba, zotsutsana ankazisiya. Umu ndi mmene Chisilamu chimatiphunzitsira: nkhani itsimikizidwe isanafalitsidwe.

Mu 1154 anamaliza buku lotchedwa Nuzhat al-Mushtaq, lokhala ndi mapu 70, komanso mapu aakulu ozokotedwa pa siliva. Kummwera anakuika pamwamba, monga ankachitira akatswiri ambiri a Chisilamu. Anafotokozanso za gombe la kummawa kwa Africa, kuphatikizapo Malindi, Mombasa ndi Sofala. Zina anaphonya: gombeli analikhotetsera kummawa mopitirira. Mbale ya siliva ija inasowa, koma bukulo linakopedwa pamanja ndipo lilipo mpaka lero. Iye anamwalira cha m'ma 1165.

Makolo anzanga, ena mwa ife mwana akasankha jogalafe timamugwetsa ulesi, ati phunziroli lilibe ntchito. Komatu ku yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi ku yunivesite ya Mzuzu amaphunzitsa jogalafe, ndipo omaliza maphunzirowa amakhala aphunzitsi, ojambula mapu pa kompyuta, okonza mapulani a matauni, kapena ogwira ntchito za nthaka, madzi ndi nyengo. Ife a m'mbali mwa nyanja, amene mwera umatimizira mabwato ndipo madzi osefukira amatigwetsera nyumba, tikufunika ana athu odziwa zimenezi. Ngakhale Qibla ndi nthawi za Swala zimadalira kudziwa pamene tili padziko.

Mwana wokonda mapu mulimbikitseni pa masamu ndi sayansi, osaleka madrasa. Allah atipatse maphunziro aphindu.