João Rodrigues: Womasulira Amene Anafupikitsa Buku Lake

Kuyambira m'chaka cha 1971 achinyamata odzipereka ochokera ku Japan akhala akubwera m'Malaŵi muno, ndipo ambiri a iwo aphunzira Chicheŵa pakati pathu. Nanga mlendo wofuna kuphunzira chiyankhulo chawo anamlambulira njira ndani? Mmodzi mwa oyamba anali João Rodrigues, ndipo moyo wake uli ndi phunziro kwa ife amene tikukonzekera ntchito ya uphunzitsi.

Rodrigues anabadwira ku Sernancelhe m'dziko la Portugal cha m'ma 1561. Anachoka kwao ali mnyamata, nafika ku Japan mu 1577, ndipo mu 1580 analoŵa chipani cha ansembe cha Ajezuiti. Popeza anafika ali wamng'ono, Chijapani anachitola pakamwa pa eni ake, mpaka anzake anampatsa dzina lakuti Tçuzu, ndiye kuti womasulira. Mu 1591 iye ndiye anamasulira pamene Alessandro Valignano anakaonekera kwa Toyotomi Hideyoshi, wolamula dzikolo. Pambuyo pake Tokugawa Ieyasu anamkhulupirira pa zamalonda za ku doko la Nagasaki.

Pakati pa ntchito zonsezi analemba buku la malamulo a chiyankhulo lotchedwa Arte da Lingoa de Iapam, limene linasindikizidwa ku Nagasaki kuyambira 1604 kufikira 1608. Ntchitoyi siinali yapafupi, pakuti Chijapani sichiyenda monga Chilatini chimene ansembewo anazoloŵera. M'Chicheŵa timati mwana amamwa madzi, mneni ali pakati. Mjapani amati kodomo ga mizu o nomu: mwana patsogolo, madzi pakati, mneni pamapeto. Timau tating'ono ndito timaonetsa ntchito ya dzina m'chiganizo. Ga amasonyeza mwininkhani, pamene o amasonyeza pamtherankhani. Rodrigues anaona kuti timauti ndiye msana wa chiyankhulocho, natifotokoza mosamala.

Anafotokozanso mwatsatanetsatane za mau aulemu. Ife timasiyanitsa iwe ndi inu, koma Mjapani amasintha ngakhale mneni weniweniyo. Kudya wamba ndi taberu. Akamadya munthu wamkulu amati meshiagaru. Wodzichepetsa ponena za iye mwini amati itadaku. Mlendo wosadziŵa zimenezi akhoza kunyoza mfumu pamene iye akuyesa kuti akuilemekeza.

Mu 1610, itabuka mikangano ya zamalonda imene inamizitsa chombo cha Apwitikizi pa Nagasaki, Rodrigues anathamangitsidwa m'dziko limene anakhalamo zaka zoposa 30, napita ku Macau. Kumeneko anachita chinthu chimene olemba ambiri sachita. Anazindikira kuti buku lake lalikulu lija, ngakhale linali lodzaza ndi nzeru, linkasokoneza oyamba kumene chifukwa cha kuchuluka kwa malamulo. Tsono analemba lina lalifupi, Arte Breve da Lingoa Iapoa, limene linatuluka mu 1620. M'menemo anasankha zofunika poyamba, naziika m'dongosolo lomveka, nalangizanso za kaphunzitsidwe: kuti ophunzitsa akhale eni chiyankhulo odziŵa bwino mabuku awo, ndi kuti ophunzira aziŵerenga zolembedwa zabwino. Bukuli linamasuliridwa m'Chifalansa mu 1825, patapita zaka zoposa 200. Rodrigues anamwalira ku Macau pa 1 Ogasiti 1633.

Tsono tiyeni tiganizire za mwana wa ku Kasinje, m'boma la Ntcheu, amene kunyumba amayankhula Chicheŵa koma ku sukulu akukumana ndi Chingerezi. Kwa iye Chingerezi n'chachilendo monga Chijapani chinaliri kwa ansembe aja. Kodi moyo wa Rodrigues ukutiuza chiyani za mwana ameneyu?

Choyamba, kudziŵa zambiri sindiko kuphunzitsa. Mphunzitsi wongotuluka kumene ku koleji amafuna kukhuthula zonse zimene waphunzira tsiku limodzi, ana n'kungoti kukamwa yasa. Ngati katswiri wotere anavomera kufupikitsa ntchito yake chifukwa cha oyamba, ifenso tisankhe lamulo limodzi pa phunziro limodzi. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachiŵiri, khutu ndi pakamwa zitsogole, lamulo litsatire. Rodrigues anayamba wayankhula chiyankhulocho zaka zambiri asanalembe malamulo ake. Mwana anene ziganizo zambiri zolondola, kenaka timthandize kuona lamulo lobisika m'menemo.

Chachitatu, tisakakamize chiyankhulo chimodzi kuvala malaya a chinzake. Mwana akalemba Chingerezi chokhota, kaŵirikaŵiri si ulesi ayi, koma akutsata dongosolo la Chicheŵa. Ife timati nyumba yaikulu, mfotokozi pambuyo pa dzina, pamene Mngerezi amaika mfotokozi patsogolo. Tilembe ziganizo ziŵirizo pa bolodi, ana aone okha pamene zasiyana.

Chotsiriza, tiphunzitse ulemu pamodzi ndi malamulo. Chingerezi chili ndi liu limodzi lokha m'malo mwa iwe ndi inu. Choncho mwana ayenera kuonetsedwa mau ena amene amanyamula ulemu popempha ndi pothokoza. Tikanyalanyaza zimenezi tidzatulutsa ana okhoza mayeso, koma osadziŵa kuyankhula ndi akulu.