DUNDUZU CHISIZA, MWANA WA SUKULU WA KU KHONDOWE

M'caka ca 1949 mnyamata wina anatsika phiri la Khondowe wopanda cikalata m'manja mwace. Anali atalemba mayeso a Standard 6 pa sukulu ya Mishoni ya Livingstonia, koma sanapambane. Masiku amenewo kulephera kotere kunali kutsekeka kwa khomo, pakuti m'dziko lonse la Nyasaland sukulu za sekondale zinali ziwiri zokha, ya ku Blantyre ndi ya ku Zomba, ndipo malo ace anali a opambana okha-okha. Dzina la mnyamatayo linali Dunduzu Kaluli Chisiza.

Iye anabadwa pa 8 August 1930 ku Florence Bay, m'mbali mwa nyanja kunsi kwa phirilo. Anali mzime m'banja la a Kaluli Chisiza, nyakwawa ndi mlimi, ndipo anayamba sukulu pa Uliwa. Mphunzitsi ali yense wa kumudzi adziwa kumene ana otsala pa mayeso amathera: ena kumunda, ena ku ngalawa, ambiri ku migodi ya ku Harare ndi ku Joni. Dunduzu analowera kumpoto. Anayamba wagwira nchito ya ukalaliki ku polisi ya ku Tanganyika, koma mtima wace unali udakali m'kalasi, motero anapitirira kufikira ku Uganda, nakalowa sukulu ya Aggrey Memorial. Kumeneko anatsiriza maphunziro amene kwao anamkanika, nazolowerana ndi ophunzira a ku Nyasaland amene anali pa Makerere.

Pofika 1955 anali ku Salisbury, mzinda umene lero ucedwa Harare, akugwira nchito ya ukalaliki ndi kumasulira mu ofesi ya kazembe wa dziko la India. Caka comweco iye pamodzi ndi James Chikerema, George Nyandoro ndi Edson Sithole anayambitsa bungwe la City Youth League, lotsutsa malamulo a tsankho. Boma la Southern Rhodesia silinacedwe kumuona kuti ndi munthu woopsa, ndipo mu 1956 linampitikitsira kwao. Mu 1957 anapeza malo pa Fircroft College ku Birmingham, sukulu ya anthu akulu ogwira nchito, kumene anaphunzira za cuma ca maiko.

Anabwerera kwao mu 1958, caka cimene Dr. Hastings Banda anafika kudzatsogolera nkhondo yokana Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu wa Nyasaland African Congress. Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya cipolowe. Atsogoleri anagwidwa, ndipo Dunduzu anatsekeredwa m'ndende ya ku Gwelo pamodzi ndi Dr. Banda, Masauko Chipembere ndi mkulu wace Yatuta.

Apa mpamene khalidwe lace lioneka bwino koposa. Ndende imathyola ambiri, ena niwatulutsa ali ndi mkwiyo wokha, koma iye anaisandutsa sukulu yace yotsiriza. Anawerenga, nalemba, nasinkhasinkha funso limene anzace ambiri analibe nalo nthawi: ufulu ukadza, nanga mmawa mwace anthu adzadyanji, ndipo adzalamulidwa motani? Maganizo amenewa anatuluka m'kabuku kochedwa Africa: What Lies Ahead. M'zolemba zace anacenjeza kuti dziko longomasuka kumene likhoza kugwa m'manja mwa munthu mmodzi wolamula mwankhanza, ngati anthu azolowera kutamanda mtsogoleri ndi kuyesa wotsutsa ali yense mdani. Kunena zotere pa nthawi ya nyimbo ndi cikondwerero kunafuna mtima wolimba, ndipo si onse anakondwa nazo.

Anamasulidwa mu September 1960. Pa cisankho ca August 1961 anthu a ku Karonga anamtuma ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba, napatsidwa udindo wothandiza nduna ya za cuma. Mwana uja wolephera Standard 6 tsopano anali kukonza mapulani a citukuko ca dziko lonse. Mu July 1962 anaitanira ku Blantyre akatswiri a za cuma ocokera ku maiko akutali, ndipo iye mwini analankhula pakati pao ngati mnzao.

Sipanapite miyezi iwiri. Pa 3 September 1962 galimoto yace inapezeka itagwa pa mlatho wa Thondwe, pa mseu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, iye atafa. Anali ndi zaka 32. Ofufuza a Boma anagamula kuti inali ngozi, koma manong'onong'o sanaleke, makamaka pamene anthu anaona zimene zinatsata. Dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo mu September caka comweco nduna zinapatukana ndi Dr. Banda, zambiri nizithawira kunja. Cija anacenjeza Dunduzu cinafika, nicikhala zaka 30. Yatuta, amene anali mmodzi wa nduna zothawazo, anabwerera ndi mfuti mu 1967, naphedwa ca ku Mwanza.

Pakufa, Dunduzu anasiya mkazi wace ali ndi pakati. Mwanayo anabadwa mu March 1963, napatsidwa dzina la atate wace amene sanawaone. Ali pa sukulu ya Henry Henderson Institute ku Blantyre analemba sewero limene linapambana pa mpikisano wa masukulu mu 1982, ndipo pambuyo pace anayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata. Nayenso sanakalambe: anamwalira mu 1999, ali ndi zaka 35.