Mbiri ya Dr. Ernest Everett Just, Katswiri wa Maselo

M'chigawo cha lero tikambapo za munthu wakuda wa ku America amene adapereka moyo wake wonse pofufuza selo, kanthu kakang'onong'ono kamene kamapanga thupi la chamoyo chilichonse, komwe sikaoneka popanda maikulosikopu. Mbiri yake ili ndi phindu kwa ophunzira amene akulingalira za kumene angakapitirize maphunziro apamwamba a sayansi, ndiponso kwa aphunzitsi amene amawalangiza.

A Ernest Everett Just adabadwa pa 14 August, 1883, mumzinda wa Charleston m'chigawo cha South Carolina. Bambo awo adamwalira iwo ali ndi zaka zinayi, ndipo udindo wonse wolera ana udagwera mayi awo, a Mary Just, amene ankaphunzitsa sukulu. Poona kuti sukulu za anthu akuda m'chigawocho zidali zotsalira, mnyamatayo adapita kumpoto nakaloŵa sukulu ya Kimball Union Academy ku New Hampshire. Mayi awo adatsikira kuli chete iwo akadali pasukuluyo. Kuchoka apo adaloŵa koleji ya Dartmouth, kumene adatsiriza mwaulemu waukulu m'chaka cha 1907.

Ngakhale adakhoza chotero, khungu lawo lidawatsekera makomo ambiri. Ntchito adaipeza pa yunivesite ya Howard mumzinda wa Washington, sukulu ya anthu akuda, ndipo poyamba ankaphunzitsa Chingerezi. Koma mtima wawo udali pa sayansi ya zamoyo, ndipo funso lidali lakuti digiri yapamwamba akaitenge kuti.

A Just sadayambe n'kuŵerenga maina a mayunivesite otchuka. Adafunsa nzeru kwa mphunzitsi wawo wakale wa ku Dartmouth, a William Patten, amene adawalozera kwa a Frank Lillie. A Lillie adali mkulu wa maphunziro a zinyama pa yunivesite ya Chicago, komanso mtsogoleri wa malo ofufuzira zamoyo za m'nyanja ku Woods Hole, m'chigawo cha Massachusetts. Kuyambira 1909, a Just ankapita ku Woods Hole pa tchuthi chachikulu kukagwira ntchito pansi pa a Lillie. Motero adamdziŵa mphunzitsi, malo ndi ntchito yeniyeniyo asanadzipereke kotheratu. Digiri ya PhD adailandira ku Chicago m'chaka cha 1916, atasindikiza kale zotsatira za kafukufuku wawo.

Kodi ankafufuza chiyani? Mazira a zamoyo za m'nyanja amakumana ndi mbewu yachimuna m'madzi, kunja kwa thupi, kotero munthu angathe kuona ndi maikulosikopu m'mene moyo umayambira. Mu 1912 a Just adaonetsa kuti m'dzira la nyongolotsi yotchedwa Nereis, malo amene mbewu yachimuna yaloŵera ndiwo amalamula mzere umene dziralo ligaŵikire koyamba. Pambuyo pake adafotokoza za kusintha kumene kumafalikira pakhungu la dzira mbewu imodzi ikangoloŵa, kumene kumatchinga mbewu zina. Luso lawo posamala mazira kuti akhale amoyo ndi athanzi lidatchuka kwambiri, mwakuti akatswiri anzawo ankadza kudzafunsa kwa iwo. Mu 1915 bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP lidawapatsa mendulo ya Spingarn, ndipo iwo ndiwo adali oyamba kuilandira.

Komabe digiri sidachotse tsankho. Mayunivesite akuluakulu a azungu, amene adali ndi zipangizo ndi ndalama zofufuzira, sadawalembe ntchito. Adakhalabe ku Howard, kumene kuphunzitsa kudawadyera nthaŵi yambiri. Nchifukwa chake mu 1929 adapita ku Naples m'dziko la Italy, ndipo mu 1930 adaitanidwa ku Kaiser Wilhelm Institute mumzinda wa Berlin. Ku Ulaya adalandiridwa monga katswiri pakati pa akatswiri. Mu 1938 adakhazikika ku France, nagwira ntchito ku Roscoff m'mbali mwa nyanja.

Mu 1939 adatulutsa buku lawo lalikulu, The Biology of the Cell Surface. Pa nthaŵiyo maso a akatswiri ambiri adali pa majini a m'kati mwa selo, koma a Just adalimbikira kunena kuti khungu la selo ndi zonse zozungulira phata lake nazonso zimatsogolera kakulidwe ka chamoyo. Lero ophunzira sayansi ya maselo amaphunzira zonse ziŵiri pamodzi.

Asilikali a Germany ataloŵa m'France mu 1940, a Just adagwidwa natsekeredwa kwa kanthaŵi. Atamasulidwa adabwerera ku America ali wofooka, ndipo adamwalira ndi khansa ya kapamba pa 27 October, 1941, ali ndi zaka 58. Mu 1996 boma la America lidaika nkhope yawo pa sitampa.

Inu amene mukufuna kutsata njira imeneyi, funsani mafunso amene a Just adafunsa: adzakutsogolerani ndani, akufufuza chiyani, ndipo kodi malowo ali ndi zipangizo? Ngati kungatheke, kagwireni ntchito kumeneko kwa miyezi ingapo musanasankhe, monga adachitira iwo ku Woods Hole.