Olaf Woyera ndi Nkhwangwa ya pa Mbendera

Pa 29 Julayi, ife akhristu a kwa Msakambewa timakumbukira Olaf Woyera, mfumu ya dziko la Norway. Ali mnyamata ankayenda ndi zombo zankhondo, kufunkha midzi ya m'mbali mwa nyanja. Atabatizidwa ku Rouen, anabwerera kwawo mu 1015, nalowa ufumu, nakhazikitsa Chikhristu, ngakhale nthawi zina mwankhanza. Akuluakulu ena anamuukira, ndipo anaphedwa pa nkhondo ya ku Stiklestad mu 1030. Chaka chotsatira Episkopi Grimkell analengeza kuti ndi woyera.

Cha m'ma 1280, nkhwangwa, chizindikiro cha Olaf, inaikidwa m'zikhadabo za mkango wagolide wa mafumu a Norway, umene unkaonekanso pa mbendera yofiira ya zombo zawo. Motero chida chankhondo chinasanduka chikumbutso cha woyera, ndipo mkangowo ukuigwirabe nkhwangwayo mpaka lero.