Galileo Anapeza Zomwe Anapempha, Koma Anataya Zomwe Anali Nazo

Anzanga, dzina la Galileo Galilei timalimva pa Physics, koma ine lero ndikufuna ndikuuzeni momwe mkuluyu anakambirana za ntchito yake ya pa yunivesite.

Anabadwira ku Pisa, m'dziko la Italy, mu 1564. Bambo ake atamwalira mu 1591, udindo wonse wa pakhomo unagwera iye. Kumeneko banja la mkazi ndi lomwe linkapereka chuma pa ukwati, ndiye azichemwali ake awiri pokwatiwa anamusiyira ngongole. Mu 1592 anayamba kuphunzitsa masamu pa yunivesite ya Padua, yomwe inali m'manja mwa boma la Venice. Ankalandira ma florin 180 pachaka, zosakwana ndithu, moti ankachita kuphunzitsa ma part time kunyumba kwake.

Mu 1609 anapanga telesikopu n'kukaonetsa akuluakulu a Venice. Iwo ataona zombo zili kutali m'nyanja, anamukwezera malipiro kufika 1,000 ndipo anamupatsa ntchito ya moyo wonse. Vuto linali loti malipirowo sadzakweranso, komanso kuphunzitsa kunali pomwepo.

Mu 1610 anatulukira miyezi inayi yozungulira Jupiter. Mochenjera, anaitcha dzina la banja la Medici lomwe linkalamulira ku Florence, kenako analembera kalata mlembi wa wolamulirayo, Cosimo II. Sanalimbane ndi ndalama ayi. Anapempha ziwiri basi: asamakakamizidwe kuphunzitsa kuti azipeza nthawi yofufuza, komanso azitchedwa katswiri wa filosofi, chifukwa masiku amenewo wamasamu sankamveredwa akamafotokoza mmene chilengedwe chilili. Zonse anamupatsa, n'kumuikanso kukhala mkulu wa masamu pa yunivesite ya Pisa.

Koma Venice inkateteza aphunzitsi ake kwa akuluakulu a mpingo a ku Rome. Mnzake Sagredo anamulembera kalata yomukumbutsa za ufulu umene wausiyawo. Cosimo anamwalira mu 1621, ndipo mu 1633 Galileo atazengedwa mlandu ku Rome chifukwa chonena kuti dziko limazungulira dzuwa, panalibe womupulumutsa. Anakhala pa ukaidi wapanyumba mpaka imfa yake mu 1642.

Ine ndikuona kuti Galileo ankadziwa kupempha, ndipo ifenso tiphunzire kutero popanda manyazi. Koma tsiku lomwe mudzaitanidwe ku ntchito yatsopano, anzanga, mudzawerengenso zomwe mukusiya kumbuyo, ngakhale zimene sizinalembedwe pa kalata ya malipiro.