Todd Duncan, Woimba Amene Adakana Kuimba

Opera ndi sewero limene mau ace amacita kuimba, ndipo kwa zaka zambiri azungu a ku America ankayesa kuti munthu wakuda sangaithe ncito yotere. Mmodzi wa anthu amene adatsutsa ganizo limeneli ndiye Todd Duncan.

Iyeyu adabadwa pa 12 February, 1903, ku Danville m'dera la Kentucky. Atatsiriza maphunziro ace ku Butler ndi ku Columbia, adakhala mphunzitsi wa zoimba pa sukulu yaikulu ya Howard mu mzinda wa Washington. M'caka ca 1935 George Gershwin, pofuna munthu woti akhale Porgy m'sewero lace la Porgy and Bess, adamva Duncan alikuimba nyimbo yakale ya Citaliana, namsankha.

Nkhani ya seweroli si yacilendo kwa anthu a ku Makokola ndi a m'mbali monse mwa nyanja. Ndi ya mudzi wa asodzi osauka, m'mene amuna apita pa madzi namondwe ali pafupi, akazi natsala kudikira ngalawa yosabwerera. Porgy ndi wopunduka miyendo, woyenda m'kangolo kokokedwa ndi mbuzi. Cotero Duncan ankaimba cogwada, ndipo ali yense woimba m'kwaya adziwa kubvuta kwace kwa kutulutsa mau odzaza nyumba yonse munthu ali pa maondo.

Koma mayeso eni-eni adadza mu March, 1936, pamene sewerolo lidafika ku National Theatre, mu Washington momwemo. Nyumba imeneyi sinkalola munthu wakuda kugula tikiti. Ndiye kuti ana a sukulu a Duncan akadaima panja, mphunzitsi wao alikusangalatsa azungu m'kati. Duncan, pamodzi ndi Anne Brown amene ankasewera Bess, adakana kuimba. Eni nyumba adayesa kumnyengerera, nati akuda adzapatsidwa masiku ao-ao, pena mipando ya pamwamba kutali. Iye adakanabe, cinkana ankadziwa kuti ncito yomwe idangoyamba kumchukitsa ikadatha kumthera pomwepo. Potsiriza eni nyumbawo adagonja, ndipo sabata imeneyo akuda ndi azungu adakhala pa mipando imodzi. Nzacisoni kuti oimbawo atacoka, khomo lidatsekedwanso kwa zaka zina zambiri.

M'caka ca 1945 Duncan adakhala wakuda woyamba kuimba ndi New York City Opera, monga Tonio m'sewero la Pagliacci. Mu 1949 adalandira ncito ina yokhudza ife a kuno, m'sewero la Lost in the Stars, limene Kurt Weill ndi Maxwell Anderson adalikonza kucokera m'buku la Alan Paton. M'menemo adali Stephen Kumalo, mbusa wa ku Natal wopita ku Johannesburg kukafuna mwana wace, nakampeza m'ndende ndi mlandu wakupha munthu. Makolo a ku Mangochi amene adaperekeza ana ao ku Joni, kuyambira masiku a Wenela kufikira a mabasi a lero, safuna wowamasulira nkhawa ya bambo ameneyo.

Atakalamba, Duncan adapitiriza kuphunzitsa acinyamata kuimba m'nyumba mwace mu Washington, m'mene adamwalira pa 28 February, 1998, ali ndi zaka 95.